Musalongedze pa tilu: mmene timagulira ku Aldi ndi ku Lidl kuno ku UK

Mwana wa achemwali anga anafika kuno ku Leicester m'nyengo yozizira atapeza ntchito yosamalira okalamba. Sabata yake yachiwiri isanathe anandiimbira foni madzulo, mawu ali pansi ngati kumudzi kwagwa zovuta. "Anti, ine kusitolo ija sindidzapondakonso. Munthu wa pa tilu amangoponya katundu wanga ngati ndamulakwira, anthu onse pamzere maso ali pa ine." Nditamufunsa bwinobwino ndinamva mutu wa nkhani. Anakweza katundu wa sabata yonse pa lamba woyenda yekha amene amapititsa katundu kwa kashiya, mazira ndi buledi kutsogolo, zitini ndi mabotolo kumbuyo. Kenako anaima n'kumadikira woti amulongedzere. Atazindikira kuti palibe akubwera, anayamba kufunafuna majumbo m'chikwama, uku katundu akuunjikana pa kamalo kakang'ono ka kumapeto kwa tilu, mpaka botolo la mafuta ophikira linagwera pa mazira. Anafika kunyumba ndi mazira anayi osweka, mtima utawawa.

Sindinamuseke, chifukwa palibe chimene analakwa. Anachita zimene tonsefe tinazolowera. Kwathu ukalowa m'sitolo yaikulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, nthawi zambiri kumapeto kwa tilu kumakhala mnyamata kapena mtsikana wokuikira katundu m'jumbo, iwe n'kumapatsana moni ndi kashiya, kufunsana za kunyumba, kuwerenga chenji mosathamanga. Ngakhale kumsika, amayi ogulitsa tomato amakumangira okha, n'kukuikira ina ya basela. Ndiye munthu akafika kuno n'kuona manja a kashiya akuthamanga ngati akupeta, amaganiza kuti akuthamangitsidwa chifukwa ndi mlendo, mwinanso chifukwa cha khungu lake. Ayi ndithu. Mzungu wobadwira mumsewu womwewo amachitiridwa chimodzimodzi. Loweruka lotsatira ndinamutenga n'kupita naye limodzi, ndipo zimene ndinamuonetsa tsiku limenelo ndi zimene ndikulemba pano.

Choyamba mvetsani chifukwa chake amathamanga, chifukwa mukamvetsa chimenechi mtima umakhala m'malo. Aldi ndi Lidl ndi masitolo ochokera ku Germany. Aldi inayambitsidwa ndi anthu awiri apachibale, Karl ndi Theo Albrecht, amene anatenga kasitolo ka mayi awo mumzinda wa Essen nkhondo yachiwiri itangotha, nthawi imene anthu analibe ndalama ndipo ankangofuna zofunika zokhazokha pamtengo wotsika. Dzinalo ndi chidule cha Albrecht Diskont. Kuno ku UK anatsegula sitolo yoyamba mu 1990 ku Stechford, mumzinda wa Birmingham, ndipo Lidl inatsatira mu 1994. Nzeru yawo ndi imodzi: chilichonse chodya ndalama chimene si chakudyacho, chichotsedwe. Amagulitsa mitundu ya katundu pafupifupi 2,000, pamene sitolo yaikulu ya Tesco kapena Sainsbury's imakhala ndi mitundu yoposa 20,000. Katundu samamutulutsa m'makatoni, amangong'amba katoni n'kuiika pa shelefu. Antchito amakhala ochepa, ndipo yemwe wakhala pa tiluyo ndi yemweyonso amene mphindi zingapo zapitazo amakoka katundu kuchokera kumbuyo, ndipo mzere ukatha abwereranso komweko.

Tengani paketi ya mpunga kapena ya mabisiketi m'sitolo zimenezi muitembenuze. Mupeza kuti timizere takuda ta barcode tili mbali zingapo, kapena ndi tatitali kuzungulira paketi yonse. Anachita dala, kuti kashiya asamatembenuze chinthu kufunafuna pomwe makina awerenge. Malo a kumapeto kwa tilu anawachepetsanso dala kuti pasakhale wolongedzerapo. Ndiye liwiro lija si mwano wa munthu. Ndi gawo la mtengo umene mukulipira. Mwafuna mkaka ndi mpunga wotchipa, landiraninso tilu yothamanga. Walira mvula walira matope. Ine ndinasiya kukwiya tsiku limene ndinawerengera ndalama zotsala m'thumba pakutha pa mwezi.

Musanachoke kunyumba

Tengani zikwama zanu. Ku England lamulo lolipiritsa majumbo linayamba mu October 2015 pa 5p, ndipo mu May 2021 linakwera kufika pa 10p, koma masitolo awiriwa ankagulitsa majumbo kale lamuloli lisanabwere, ndipo zikwama zolimba zimene amagulitsa pa tilu zimadula kuposa pamenepo. Ine ndili ndi zikwama zitatu zimene zimakhala pakhomo penipeni, kuseri kwa chitseko: chachikulu chabuluu cha ku IKEA, china chosunga kuzizira choikamo nyama ndi za mufiriji, ndi chachitatu cha nsalu choikamo zofewa. Ngati mumayenda pa basi, chikwama chakumsana n'chofunika kuposa zonsezi. Zolemera zonse zikhale kumsana, manja anyamule zopepuka. Mkaka wa mapaintsi 4 awiri ndi thumba la mbatata zikakulendewerani m'zala kuchokera pa siteji kukafika kunyumba m'mphepo ya January, mudzandikumbukira.

Musaiwale khobidi la £1 la trole. Mumalilowetsa pa chogwirira, tcheni n'kumasuka, ndipo mukabweza trole pamalo pake khobidilo limatuluka. Si malipiro, ndi chikole chabe, njira inanso yoti asalembe ntchito munthu wotolera matrole poimika magalimoto. Ambiri timakhala ndi kachitsulo kozungulira ngati khobidi komangirira ku makiyi, kamene kamagwira ntchito yomweyo. Ndipo ngati mukudziwa kuti katundu wanu aposa khumi kapena khumi ndi asanu, tengani trole, osati basiketi. Ambiri amene amavutika pa tilu ndi amene analowa ndi basiketi poganiza kuti agula zochepa, n'kufika pa lamba basiketi itasefukira, zina atakumbatira pachifuwa. Basiketi imatsala kumayambiriro kwa lamba, ndiye kumapeto kuja mulibe poponyera.

Pa lamba ndi pomwe nkhani yonse yagona

Mmene mwaikira katundu pa lamba ndi mmenenso adzakupezereni mbali inayo. Chimene chatsogola pa lamba ndicho chidzakhale pansi pa trole. Choncho yambani ndi zolemera ndi zolimba: zitini za tomato ndi nyemba, mabotolo a mafuta, thumba la mbatata, anyezi, mpunga, shuga, mkaka. Mabotolo muziwagoneka motsata kutalika kwa lamba, kamwa kutsogolo kapena kumbuyo, chifukwa mukawaimika amagwa lamba akangoyenda, ndipo mukawagoneka chopingasa amagubuduka n'kukalowa m'katundu wa mnzanu. Zikatero bweretsani zozizira zonse pamodzi, nkhuku, nyama, nsomba zouma ndi madzi oundana, yogati, kuti polongedza zilowe m'chikwama chimodzi mosasankhanso. Sopo wochapira, bulichi ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi zikhale pazokha, kutali ndi chakudya. Pomaliza penipeni mazira, buledi, tomato, nthochi, masamba ndi zokhwasula za ana. Zimenezi zimakhala pamwamba ndipo sizipsinjika.

Ine ndimayamba kukonza zimenezi ndili m'kati mogula. Zolemera ndimaziika kutsogolo kwa trole, mbali imene ndidzayambire kutsitsa, zofewa ndimaziika pa kampando ka mwana kaja ngati sindinatenge mdzukulu. Ndikafika pa lamba dzanja limangotola mwadongosolo.

Pali kanzeru kena kamene ndinaphunzira kwa mayi wina wachikulire wachizungu amene anali patsogolo panga tsiku lina. Ndinaona kuti nthochi zake zosamanga m'paketi anaziika pakati pa katundu, ndipo kajumbo ka pepala ka mabanzi a ku bekale anakaikanso patali pang'ono. Zinthu zopanda barcode, zofunika kuyeza pa sikelo kapena kuzifufuza pa makina, zimachititsa kashiya kuima kaye kamphindi. Kamphindi kameneko ndi kanu kopumira ndi kusuntha zimene zaunjikana. Ngati muli ndi zinthu zotere ziwiri kapena zitatu, musaziunjike pamodzi, zimwazeni. Koma zinthu zofanana, monga zitini zisanu ndi chimodzi za tomato, ziikeni pamodzi kuti kashiya aziwerenge kamodzi. Madzi a mabotolo ambiri omanga pamodzi kapena thumba lalikulu la matewera, funsani kashiya ngati mungazisiye m'trole. Ambiri amavomera ndipo amakuuzani chochita.

Mukamaliza kukweza katundu wanu, tengani kamtengo kolekanitsa katundu wanu ndi wa mnzanu mukaike kumbuyo kwa katundu wanu. Ndi udindo wanu, osati wa amene akubwera pambuyo. Ndi kanthu kakang'ono, koma kuno anthu amakaona ngati moni. Mukaika, wapambuyo amathokoza. Mukapanda kuika, sanena kanthu koma mumamva mpweya wake.

Nthawi yanu ikakwana

Kankhani trole yopanda kanthu ija mpaka kumapeto kwa tilu, muiimike mogundana ndi pomwe katundu akutsikira. Kashiya akasuzumira m'trole kapena kukupemphani kuti munyamule zikwama zanu aone pansi pake, musakhumudwe ngati wakuyesani wakuba. Amachita zimenezi kwa aliyense, ndi lamulo la ntchito yake. Ine ndimanyamula ndekha zikwamazo asanandifunse. Mpatseni moni, mumuyang'ane kumaso. Moni wa kuno ndi waufupi, koma ulipo, ndipo munthu amene wakhala pampando umenewo kuyambira m'mawa amaumva.

Akangoyamba, ntchito yanu ndi imodzi yokha: chotsani chilichonse chimene chadutsa pa makina, muchibwezere m'trole. Osatsegula jumbo, osasankha kuti ichi chipite kuti, osayang'ana foni. Manja awiri onse agwire ntchito. Popeza munaika zolemera patsogolo, zimadzikhalira zokha pansi, ndipo mazira akamafika amapeza malo pamwamba. Khadi yanu ikhale kale m'thumba la jekete losavuta kupisa, osati pansi pa chikwama pamodzi ndi makiyi ndi mafuta opaka. Ngati muli ndi Lidl Plus pa foni, pulogalamu ya ku Lidl yochotserako mitengo, itseguleni muli pamzere, chifukwa intaneti imakonda kuvuta nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Kungogunditsa khadi pa makina kumatheka mpaka £100 m'makhadi ambiri, koma nthawi zina makina amafunabe PIN, ndiye ikhale m'mutu.

Mukalipira, tengani lisiti, thokozani, kankhani trole kupita pa shelefu yaitali imene ili m'mbali mwa mawindo, moyang'anana ndi matilu. Shelefu imeneyo si yokongoletsa, anaiikira inuyo. Pamenepo palibe wokuthamangitsani. Tsegulani zikwama zanu, ikani zozizira pamodzi, sopo payekha, mazira pamwamba, ngakhale zikutengereni mphindi khumi. Ndi pomweponso poyenera kuwerenga lisiti. Munthu wothamanga akhoza kudutsitsa chinthu kawiri mwangozi, ndipo n'kosavuta kukonza mukadali m'sitolo kusiyana ndi kubwerera mawa. Dikirani kashiya amalize ndi amene akumuthandiza, kenako muonetseni mwaulemu. Amene ali ndi galimoto ambiri sapita n'komwe pa shelefu, amakalongedzera kubuti. Zili bwino, koma werengani chikwangwani cha poimika magalimoto: malo ambiri amapereka nthawi yoŵerengeka, kawirikawiri ola limodzi ndi theka, ndipo kwina amafuna kuti mulembetse nambala ya galimoto pa makina ali m'sitolo. Kalata ya chindapusa ikabwera imadya zonse zimene munapulumutsa mwezi umenewo.

Kodi ndiye kulongedza pa tilu penipeni n'koletsedwa? Palibe lamulo lolembedwa limene lingakumangitseni. Ngati muli ndi zinthu zisanu, ziponyereni m'chikwama chanu pomwepo, palibe adandaule. Enanso amayala zikwama ziwiri zazikulu zotsegula m'trole momwemo, kotero kuti akamaponya katundu amakhala akulongedza kale. Ine ndimachita zimenezi ndikakhala ndi katundu wapakatikati, ndipo zimayenda. Muyeso wake ndi umodzi: kodi mukuyenda limodzi ndi manja a kashiya, kapena mzere wonse waima chifukwa mukufuna chikwama chilichonse chioneke bwino? Ngati mwayamba kutsalira, siyani zikwama, ponyani m'trole.

Koma pali mbali ina imene ndikufuna ndiinene momveka, chifukwa ntchito yanga ndi ya okalamba ndipo ndimadziwa mmene manja a nyamakazi amagwirira chitini. Si aliyense angathamange. Pali agogo, pali olumala, pali mayi amene wabereka khanda kwina akugwira wina wa zaka zitatu, palinso ife amene tatuluka kumene ku ntchito ya usiku ya maola 12 maso akulemera. Ngati ndinu mmodzi wa amenewa, nenani asanayambe. Mawu ochepa okha opempha kuti achepetseko liwiro ndi okwanira, ndipo pa zaka zonse zimene ndagula m'masitolo amenewa sindinaonepo kashiya akukana. Safunsa anadya phula. Ndipo inu amene muli pambuyo pa munthu wochedwa, musamuusire moyo mokweza kapena kumugunda ndi trole ku zidendene. Ngati mtima ukukulolani, funsani ngati mungamuthandize kutsitsa katundu. Funsani kaye, musangogwira, chifukwa anthu akuno ena sakonda kuti mlendo akhudze zinthu zawo. Ulemu wa kwa akuluakulu umene tinaphunzira kwathu sunathere pa bwalo la ndege la Kamuzu.

Za pamzere ndi zazifupi. Mukakhala ndi trole yodzaza ndipo pambuyo panu pali munthu wanyamula mkaka ndi buledi basi, muuzeni adutse. Ndi mwambo wa m'masitolo amenewa, ndipo tsiku lina adzakuchitirani inu. Mmodzi kapena awiri akwana, simukuyenera kudutsitsa mudzi wonse. Mukamva chilengezo chakuti akutsegula tilu ina, amene anali patsogolo panu ndiwo ayambe kusamuka. Kuthamanga kuchokera kumbuyo n'kukaima poyamba kumaoneka ngati kulanda. Mukakumbukira kuti mwaiwala mchere katundu ali kale pa lamba, ndipo nthawi yanu yayandikira, usiyeni mcherewo. Lipirani, longedzani, mulowenso. Foni ya kumudzi ikalira muli pa tilu, ngakhale ikhale ya amayi, idikire mphindi ziwiri. Ndipo khadi ikakana, zimene zimachitikira aliyense pakati pa mwezi, musachite manyazi n'kuyamba kuyesa makhadi anayi. Uzani kashiya achotse zinthu zingapo, kapena asunge katunduyo pambali pamene mukuyang'ana ku banki pa foni. Amaziona tsiku lililonse.

Masitolo ambiri tsopano aikanso makina odzilipirira wekha. Ndi abwino ukakhala ndi basiketi yaing'ono. Pamenepo chinthu chilichonse chikadutsa chiyenera kukhala pa sikelo ya pambali, ndipo mukaikapo chikwama chanu musanauze makinawo amayamba kudandaula. Mowa ndi mankhwala ena zimafuna kuti wantchito abwere adzavomereze, ndipo ngati mukuoneka wosakwana zaka 25 adzakufunsani chiphaso. Mwana wa achemwali anga uja ali ndi zaka 29 koma amafunsidwabe. Mankhwala a mutu monga paracetamol sakugulitsani mapaketi oposa awiri nthawi imodzi, ndiye musakonze zogula khumi zotumiza kumudzi pa ulendo umodzi.

Nthawi yopita nayo ndi nzeru. Ine ndimakonda m'mawa pakati pa sabata, akangotsegula, ndikamachokera ku ntchito: mashelefu odzaza, mizere yaifupi, kashiya sanatope. Loweruka masana ndi nthawi ya chipwirikiti. Lamulungu kumbukirani kuti ku England ndi ku Wales masitolo aakulu amaloledwa kugulitsa maola 6 okha, ndipo ambiri amatsegula 10 koloko n'kutseka 4 koloko. Ife amene mapemphero athu amatha mochedwa timafika ola lomaliza pamodzi ndi tauni yonse. Ngati mukuphunzira kumene, musayambire tsiku limenelo.

Za manyazi

Tsopano ndinene chimene chimandipweteka kwambiri kuposa mazira osweka. Pa chikondwerero china cha Amalawi kuno, tinagwirizana kuti aliyense abweretse chakudya. Ndili kukhitchini ndinaona mayi wina, munthu amene ndimamulemekeza, akutulutsa majuwisi ndi mabisiketi m'chikwama cha sitolo yodula ya Marks & Spencer, n'kumakhuthulira mabisiketiwo m'mbale msangamsanga, mapaketi n'kuwakwinya kuwabisa pansi pa bini. Anali a m'sitolo yotchipa. Anandiona kuti ndaona, ndipo anati chapansipansi, "Asisi, musauze anthu, adziwa kuti zinthu sizikuyenda." Mayi ameneyu amagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, amalipira lendi kuno, amalipirira ana atatu a mchimwene wake sukulu kumudzi, ndipo akumanga nyumba. Munthu wotere achite manyazi ndi paketi ya mabisiketi? Ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera.

Manyazi amenewa timabwera nawo ndipo timawapezanso kuno. Kwathu tinakula tikudziwa kuti wina akagula malaya pa kaunjika amawachapa, kuwasita, n'kunena kuti anamutumizira m'bale wa ku Joni. Ndipo amene uli kunja umayembekezeredwa kuoneka kuti zikuyenda, chithunzi chilichonse cha pa Facebook chizichitira umboni. Azungu nawonso anali ndi kunyada kwawo. Anzanga a kuntchito amene anakulira kuno amandiuza kuti m'zaka za m'ma 1990 mwana akapita kusukulu ndi jumbo ya sitolo yotchipa ankasekedwa. Kuno sitolo imene umagulako inkanena za gulu lako: Waitrose ndi Marks & Spencer za opeza bwino, Tesco ndi Sainsbury's za apakati, Aldi ndi Lidl za ovutika.

Koma zimenezo zinasintha anthu akuona. Mavuto a zachuma a 2008 anakankhira mabanja ambiri apakati m'masitolo amenewa, ndipo atalawa sanabwerere. Mu 2022 Aldi inapitirira Morrisons n'kukhala sitolo yachinayi pa kukula m'dziko muno, ndipo mu 2023 inatsegula sitolo yake ya nambala 1,000 ku Woking. Chaka chomwecho, m'mwezi wa March, mitengo ya zakudya inali itakwera ndi pafupifupi 19 peresenti poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, ndipo aliyense, dokotala ndi wokolopa yemwe, anayamba kuwerenga timapepala ta mitengo. Lero mukalowa mu Tesco kapena Sainsbury's mupeza zikwangwani zonena kuti mtengo wa chinthu ichi taufananitsa ndi wa ku Aldi. Masitolo amene ankaonedwa ngati apamwamba ndiwo akudziyeza ndi sitolo imene ena mwa ife tikubisa mapaketi ake. Mukadzapita, imani kaye poimika magalimoto muone mitundu ya magalimoto amene aima pamenepo.

Mayina a pa mapaketi ndi achilendo, n'zoona, chifukwa katundu wambiri ndi wa sitoloyo mwini. Kusadziwika kwa dzina sikutanthauza kuti chinthucho ndi chachabe. Malamulo a ukhondo wa chakudya ndi amodzi kwa masitolo onse m'dziko muno. Matewera a Mamia a ku Aldi ndi a Lupilu a ku Lidl alera ana ambiri a m'mpingo mwathu. Zina amazifananitsa kwambiri ndi za mayina otchuka moti mu 2021 Marks & Spencer inatengera Aldi kukhoti pa nkhani ya keke yooneka ngati mbozi, yawo yotchedwa Colin kulimbana ndi ya ku Aldi yotchedwa Cuthbert, ndipo nkhaniyo anakaithetsa pokambirana chaka chotsatira. Njira yanga ndi yakuti chinthu chatsopano ndimagula chimodzi, tilawe kunyumba. Chikakoma chalowa pa mndandanda, chikapanda kukoma ndimabwerera ku chakale popanda kudziimba mlandu. Tiyi yekha ndiye sindinasinthe. Masamba a ku Thyolo ndimachita kuitanitsa kwa aliyense wobwera kuchokera kumudzi.

Musamverenso chisoni antchito ake ngati anthu ogwiritsidwa ntchito yaulere. Ntchito yawo ndi yolemetsa, koma masitolo awiriwa akhala ali m'gulu la olipira bwino pa ola kuposa masitolo ena ambiri a zakudya kuno. Chimene amafuna kwa ife ndi kuti tisawachedwetse dala ndiponso tisawakalipire chifukwa cha dongosolo limene sanalipange iwo.

Sikuti zonse mudzazipeza kumeneko. Ufa woyera wa nsima kulibe. Umenewo timagula m'masitolo a amwenye ndi a anthu a ku Africa, ndipo kuno ku Leicester misewu ya Narborough Road ndi Belgrave Road ndi imene imatisunga. Usipa, chambo chouma, therere labwino, nyama ya mbuzi, zonsezo n'za kwina. Koma anyezi, tomato, kabichi, nkhuku, mazira, mpunga, mafuta, mkaka, nyemba za m'chitini, sopo, zonsezi ndimagula kotchipa. Masamba amene pa Chingerezi amatchedwa "kale" ndi "spring greens" amalowa bwino m'malo mwa mpiru ndi repu, ndipo chiponde chopanda shuga chimatendera ndiwo ngati nsinjiro. Poyerekeza mitengo musamayang'ane nambala yaikulu yokha. Pansi pake pamalembedwa mtengo wa pa kilogalamu kapena pa lita, ndipo umenewo ndiwo umanena zoona.

Chenjerani ndi kanjira kapakati. M'masitolo onse awiri muli mabasiketi aakulu a waya pakati pa sitolo, momwe amaikamo katundu wobwera kamodzi n'kutha: mapoto, mabulangete, zida za ukalipentala, nsapato za ana, ngakhale mahema. Ku Aldi watsopano amafika Lachinayi ndi Lamulungu. Zina ndi zabwino ndithu, poto wanga wamkulu wophikira nsima ya alendo ndinamupeza mmenemo. Koma ndi mmenenso ndalama imene munapulumutsa pa mpunga imathera. Ine ndimadutsamo ndi mndandanda m'manja, ndipo chimene sindinachilembe ndimachisiya mpaka nditagona nacho usiku umodzi.

Loweruka lija, mwana wa achemwali anga anakweza yekha katundu pa lamba ine nditaima pambali. Zitini patsogolo, nkhuku ndi yogati pamodzi, nthochi pakati, mazira pomaliza. Anaika kamtengo kolekanitsa, bambo wa pambuyo pake anagwedeza mutu kuthokoza. Kashiya anali mtsikana wa msinkhu wake womwewo, ndipo atangoyamba ndinaona mapewa a mwanayu akukwera ndi mantha, koma manja anagwira ntchito, trole inadzaza, khadi inalira. Tili pa shelefu ya pawindo akulongedza m'chikwama chakumsana, anawerenga lisiti kawiri, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengetsa kuti zimene zatsala pa bajeti yake ya sabata zikwana makwacha angati. "Anti, izi ndiwatumizira amayi agulire feteleza wobereketsa," anatero, uku akuika mazira pamwamba pa chikwama cha nsalu. Basi yathu inali itatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, ndiye tinabweza trole, anatenga khobidi lake, n'kuwoloka msewu.